Chinthu chikakhalitsa m'madzi: kuchokera ku famase mpaka m'kaundula wa azamba

Funso: Ndine mtsikana wophunzira unamwino ku Zomba, chaka chachiwiri. M'kalasi aphunzitsi anatiuza kuti maceration ndi njira yotulutsira mankhwala m'zitsamba. Nditapita ku wodi ya mabala ndinamva asisitala akunena liwu lomwelo poloza khungu la wodwala, ndipo kwa azamba ndinapeza m'kaundula mwalembedwa MSB, akuti macerated stillbirth. Mlongo wanga amene amagwira ntchito m'minda ya mphesa ku South Africa akuti nakonso amatero popanga vinyo. Kodi zonsezi n'chinthu chimodzi, kapena angofanana ndi mayina?

Yankho: Achemwali, n'chinthu chimodzi, kupatula malo amodzi okha amene ndiwatchule pakatipa. Chinthu cholimba chikakhalitsa m'madzi, kapena m'zamadzimadzi zilizonse, pamachitika ziwiri nthawi imodzi: chimafewa, komanso zina zimene zinali m'kati mwake zimatulukira m'madzimo. Ndi kunyika komwe kuja, kapena kuviika, kumene munakulira mukukuona pakhomo. Chimene chimasiyana ndi chofuna cha wonyikayo. Wa ku famase amafuna madziwo, zotsalira amataya. Mayi wa ku Nkhata Bay amafuna chinangwacho, madzi amataya. Inu ku wodi simunafune chilichonse mwa ziwirizi, madzi angogwira ntchito yawo pa thupi la munthu popanda wowatuma. Kulikonse mwa malo amenewa chimene chimalamula ndi nthawi, ndipo zikalakwika kawirikawiri n'chifukwa choti wina wavuula msanga kapena wachedwa kuvuula.

Tiyambe ndi za aphunzitsi anu. Chitsamba chouma amachisinja kuti chikhale tizidutswa, osati ufa wosalala kwambiri chifukwa umenewo umatseka sefa. Amachiika m'botolo lotsekeka bwino n'kuthiramo madzi, mowa wa ethanol kapena zonse ziwiri zosakaniza, nthawi zambiri gawo limodzi la chitsamba pa magawo 5 kapena 10 a zamadzizo. Botolo limakhala pamalo opanda dzuwa masiku osachepera 3, mabuku akale amati 7, ndipo tsiku lililonse amalikhutchumula. Kukhutchumulako kuli ndi ntchito: madzi amene agundana ndi chitsamba amakhuta msanga n'kuleka kukoka, ndiye pamafunika kuti ena osakhuta afikepo. Masiku akakwana amasefa, amafinya zotsalira, n'kusefanso. Njirayi siyitulutsa zonse. Pamafika poti mankhwala a m'madzi ndi otsala m'chitsamba alingana mphamvu, basi kukoka kumaima, ngakhale mutadikira mwezi. Wofuna zambiri amathira zamadzi zatsopano n'kunyikanso kachiwiri.

Mungafunse kuti bwanji osangowiritsa, zithe lero lomwe. Kuwiritsa n'kwabwino pa makungwa ndi mizu yolimba, koma mankhwala ena moto umawawononga kapena kuwauluza. Nkhani ya LA, amene mumapereka tsiku ndi tsiku kwa odwala malungo, inadutsa pomwepa. Mu 1969 boma la China linapatsa mayi Tu Youyou ntchito yofufuza mankhwala a malungo m'zitsamba za kwawo. Chitsamba cha Artemisia annua chinkaoneka ngati chili ndi mphamvu, koma zotsatira zake zinali zosadalirika. Mayiwa atabwerera ku zolemba za sing'anga Ge Hong wa m'zaka za m'ma 300, anapeza kuti iye ankauza anthu kutapa chitsambacho dzanja limodzi, kuchinyika m'madzi, kufinya n'kumwa. Za kuwiritsa panalibe. Anaganiza kuti mwina kutentha ndiko kumawasokoneza, ndipo mu 1971 anagwiritsa ntchito zamadzimadzi zotchedwa ether, zomwe zimawira pa madigiri 35 okha. Zimene anatulutsazo zinapha tizilombo ta malungo mu mbewa ndi anyani. Mmenemo ndi mmene munachokera artemisinin, kholo la artemether wa mu LA, ndipo mu 2015 mayiwa analandira mphoto ya Nobel.

Pano ndichenjeze, chifukwa nkhaniyi ena amaimva mokhota. Sikuti munthu akadzala chitsambachi kuseri kwa nyumba n'kumanyika masamba ndiye kuti wapeza LA. Bungwe la WHO limakana zoti malungo azichizidwa ndi tiyi wa chitsambachi, chifukwa mphamvu yake m'kapu siyidziwika, ndipo mankhwala ochepa amangophunzitsa tizilombo kupirira. Vuto lomweli lili ndi botolo la mizu limene mudzalipeze m'chikwama cha wodwala kapena pansi pa bedi ku wodi. Tsiku loyamba madzi ake amakhala amphamvu, tsiku lachisanu atawonjezeramo madzi kangapo amakhala ena, ndipo palibe angakuuzeni mlingo umene wodwala wamwa. Komanso madzi okha sateteza kanthu: pakapita tsiku limodzi kapena awiri kunja kukutentha, mabakiteriya ndi nkhungu zimayamba kuswana mmenemo. N'chifukwa chake a ku famase amakonda ethanol, yemwe amakoka mankhwala ambiri kuposa madzi n'kuwasunganso osawonongeka. Mukalipeza botolo lotere musakalipe, apo ayi mawa adzalibisa bwino. Funsani kuti ayamba liti kumwa, kangati patsiku, ndipo auzeni adokotala, makamaka ngati impso kapena chiwindi cha wodwalayo zikukayikitsa.

Kunyika kumene ine ndimakupatsa ulemu kwambiri ndi kwa chinangwa chowawa, chifukwa pamenepa moyo wa banja lonse umadalira kuwerenga masiku. M'maselo a chinangwa muli chinthu chotchedwa linamarin, ndipo pambali pake, mosakhudzana nacho, muli china chotchedwa linamarase. Ziwirizi zikakumana zimabala sayanaidi, chiphe chodziwika chija. Chomeracho chimadziteteza motero kwa zilombo zochidya. Tsono mayi wa ku Nkhotakota kapena ku Karonga akasenda chinangwa n'kuchiika m'dziwe la m'mbali mwa nyanja kapena mumgolo, amakhala akuzikumanitsa dala ziwirizi kunja kwa mimba ya munthu. Tizilombo tosasitsa timadya makoma a maselo, chinangwa chimafewa, chiphe chimatuluka, china n'kupita ndi madzi, china n'kuuluka poyanika.

Masiku ake ndi 3 mpaka 5, ndipo m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi zimachedwerapo. Amayi odziwa sadalira kalendala yokha. Pamwamba pa madzi pamachita thovu, fungo losasa limamveka uli patali, ndipo akatola chinangwa chimodzi n'kuchifinya chimaphwanyika m'manja, mtsitsi wa pakati uja n'kusololoka wokha. Chikakhala cholimba pakati, amachibwezera. Akavuula amatsuka, kufinya, kuyanika mpaka chiume gwa, kenako kusinja kapena kugayitsa, ndiye kondowole ameneyo. Muyezo wa mayiko onse umati ufa wa chinangwa usapose mamiligalamu 10 a sayanaidi pa kilogalamu, ndipo kunyika kokwanira kotsatana ndi kuyanika bwino n'kumene kumafikitsa ufa pafupi ndi pamenepo. Kungoyanika padzuwa osanyika kumasiya chiphe chambiri.

Chimene chimadula masiku ndi njala. Ana akulira, m'nkhokwe mulibe kanthu, mayi amavuula tsiku limodzi kapena awiri atangonyika. Chilala chimawonjezeranso chiphe m'chinangwa momwemo, ndipo ndiwo za nsomba, nyemba kapena nyama, zimene zimathandiza thupi kuchotsa sayanaidi, zimakhala zitasowa. Mu 1981, m'chaka cha chilala, anthu oposa 1,000 m'chigawo cha Nampula ku Mozambique anauma miyendo mwadzidzidzi, ambiri mwa iwo ana ndi amayi. Matendawa amatchedwa konzo. Anayamba kulembedwa ku Congo mu 1938, ndipo apezekanso ku Tanzania ndi ku Central African Republic. Munthu amagona bwinobwino, mawa lake miyendo yalimba, akuyenda monyang'ama, ndipo sizibwerera. Ngati ufa ukukayikitsa, pali njira yochepetsera chiphe imene wasayansi Howard Bradbury wa ku Australia anaiphunzitsa: kusakaniza ufa ndi madzi, kuuyala mopyapyala ngati sentimita imodzi, n'kuusiya maola 5 pamthunzi kapena maola 2 padzuwa usanaphikidwe. Mukadzatumizidwa ku chipatala cha m'mbali mwa nyanja, zimenezi muzikaphunzitsa ku sikelo. Madzi onyikamo chinangwa nawo asamwedwe ndi ziweto kapena ana.

Za mphale mukuzidziwa kale. Chimanga chikakonoledwa, mphale imanyikidwa masiku 2 kapena 3, kutsukidwa, kuyanikidwa, n'kupita kuchigayo, ufa woyera wa nsima yosalala uja. Kunyikako kumachepetsa phytate, chinthu chimene chimatsekereza thupi kuyamwa ayironi ndi zinki, koma madzi sasankha: amatenganso mavitamini a gulu la B ndi michere ina. Mukawonjezera zimene zapita kale ndi madeya, mudzaona chifukwa chake a zaumoyo amalimbikira phala la mgaiwa kwa ana. Zabwino zambiri zimatsalira m'matsukwa amene timakhuthula kuseri kwa nyumba. Umboni wake ndi wodabwitsa. Mafakitale a sitalichi ku America amanyika chimanga tsiku ndi theka kapena kuposerapo m'madzi ofunda pafupifupi madigiri 50, ndipo amatsala ndi matsukwa ochuluka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, asayansi a ku Peoria m'chigawo cha Illinois anayesa kulimira nkhungu ya penisilini m'matsukwa amenewa, ndipo nkhunguyo inabala mankhwala ochuluka kwambiri kuposa kale. Penisilini wopulumutsa asilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anakulira m'madzi otaya.

Mlongo wanu sakunama. Mphesa zambiri zakuda mukazifinya madzi ake ndi oyera. Kufiira kwa vinyo, ndi kukhakhala kuja kumene kumamanga lilime, zimachokera m'makoko ndi njere. Ndiye akaphwanya mphesa amasiya makoko anyikike m'madzi ake omwe. Maola ochepa amapereka vinyo wotuwirako uja amati rosé. Sabata imodzi, masabata awiri kapena kuposa amapereka vinyo wofiira kwambiri. Vinyo akamasasa, mpweya umakankhira makoko pamwamba n'kupanga chikhakha chokhuthala, ndipo wantchito amachimiza ndi mtengo kapena kupopa vinyo wapansi n'kumuthira pamwamba kangapo patsiku. Mufunseni mlongo wanuyo, mwina ndi ntchito imene amagwira nthawi yokolola, cha mu Febuluwale ndi Malichi, ngati ali ku Stellenbosch kapena ku Paarl. Akachedwa kuchotsa makoko, vinyo amawawa njere. Kukhitchini nako zilipo zing'onozing'ono: malambe ndi bwemba timanyika kuti tipeze chakumwa, nyemba zogona m'madzi zimapsa msanga n'kupulumutsa makala, ndipo masitiroberi a kuphiri kwanu ku Zomba mukawawaza shuga n'kudikira theka la ola, shugayo amakoka madzi a m'chipatso, chipatsocho n'kufewera m'madzi ake omwe. M'mafakitale a shuga ngati a ku Nchalo ndi ku Dwangwa amathira madzi pa nzimbe zophwanyidwa kale kuti akokolole shuga wotsalira m'zikhuse.

Malo amodzi aja ndinanena ndi a makina. Mukamva kuti macerator, ameneyo sanyika kanthu, amagaya. Ndi mipeni yozungulira imene imaphwanya zonyansa za m'chimbudzi kuti zidutse m'paipi yaing'ono, monga m'sitima zapamadzi, ndipo zipatala za ku Britain zili ndi makina otere ogayira mapoto a pepala a odwala ogonera pabedi. Mafakitale oswetsa nkhuku za mazira amagwiritsanso ntchito makina ofanana nawo popha anapiye aamuna a tsiku limodzi, mchitidwe umene Germany inauletsa kuyambira Januwale 2022. Izi zingokhalani nazo m'mutu, si za ntchito yanu.

Zanu zenizeni ndi khungu. Khungu lakunja ndi maselo akufa opanikizana, omatidwa ndi mafuta. Likanyowa kwa maola ambiri maselo aja amatupa, mafuta amasungunuka, khungu limayera mbee, limachita makwinya, ndipo mukalikhudza limamveka lonyololoka. Likatero silitchinganso kanthu. Kukhuza pang'ono ndi nsalu ya pabedi limasupuka, mabakiteriya ndi mafangasi n'kupeza khomo. Makwinya a zala mukachapa zovala nthawi yaitali asakusokonezeni: amenewo amabwera chifukwa mitsempha imalamula timitsempha ta magazi kufinyika, ndipo amatha okha manja akauma. Choopsa ndi chinyezi chosachoka. Mudzachiona m'mphepete mwa bala lotulutsa madzi ambiri pamene bandeji yakhalitsa, m'matako mwa khanda kapena agogo ogonera thewera lonyowa, pansi pa mabere, m'mphechepeche, pansi pa chikhakha chimene chalowa madzi posamba, ndi pakati pa zala za kumapazi kwa alimi a mpunga, asodzi ndi alonda ovala majombo usiku wonse nthawi ya dzinja. Mkodzo ndi chimbudzi zimaposa madzi kuipa chifukwa zimadyanso khungulo. Asilikali a nkhondo ya 1914 mpaka 1918 amene ankakhala masiku ambiri m'ngalande zamatope ozizira, ena anadulidwa mapazi chifukwa cha chinyezi chophatikizana ndi kuzizira.

Koma musatengerepo kuti bala lizikhala louma gwa. Mu 1962 George Winter anaonetsa pa nkhumba kuti bala lokhala ndi chinyezi pang'ono limapola msanga kuposa losiyidwa kuti lichite nkhanambo. Luso lili pakuti pabala penipeni pakhale ponyowa pang'ono, khungu lozungulira likhale louma. Mukatsegula bandeji n'kupeza mkombero woyera wonga mphira kuzungulira bala, dziwani kuti bandejiyo yachedwa kusinthidwa kapena siyikumwa madzi mokwanira. Sinthani pafupipafupi, dulani gozi molingana ndi bala kuti yonyowayo isagone pa khungu labwino, pukutani modinda osati mokhula, ndipo pakani zinc oxide kapena Vaseline pang'ono m'mphepetemo. Funsaninso chimene chikuchulukitsa madziwo: kodi bala lalowa tizilombo, kapena mwendo watupa? Odwala shuga muziwaletsa kunyika mapazi m'beseni, ngakhale atauzidwa kunyumba kuti madzi ofunda amchere amachotsa dzanzi. Phazi lawo silimva kutentha, ndipo khungu lofewa pakati pa zala ndi pamene zilonda zodulitsa mwendo zimayambira. Asambe, apukute chala chimodzichimodzi, basi.

Tsopano za m'kaundula. Mwana akamwalira ali m'mimba amakhalabe m'madzi ofunda a m'nsupa. Magazi aleka kuyenda, maselo amayamba kudzigaya okha, ndipo madzi aja amafewetsa khungu. Pakapita maola 6 kapena kuposerapo khungu limayamba kusupuka pena ndi pena, mchombo n'kusanduka wofiirira moderako. Pofika maola 12 kusupukako kumaoneka kumaso, kumsana kapena pamimba. Tsiku likadutsa khungu limada, mfundo zimalobodoka, ndipo pakapita masiku mafupa a mutu amakwerana. Ameneyu ndi amene amalembedwa MSB. Wobadwa atamwalira koma khungu lili bwinobwino amalembedwa FSB (fresh stillbirth), kutanthauza kuti wamwalira posachedwa, mwina m'kati mwa matenda a uchembere momwemo.

Kusiyanitsaku kuli ndi ntchito yaikulu. Padziko lonse ana pafupifupi 2 miliyoni amabadwa atamwalira chaka chilichonse, ndipo oposa 4 mwa 10 alionse amamwalira mayi ali pa matenda. Chipatala chikachulukitsa FSB, funso limapita kuchipinda chochirira: kodi mtima wa mwana unkamvedwa pafupipafupi, patogalafu (fomu yolembapo mmene matenda akuyendera) inkadzazidwa, ambulansi inafika nthawi yake, opaleshoni inachedwa? Chikachulukitsa MSB, funso limabwerera ku sikelo ndi kumudzi: chindoko chinayezedwa n'kuchizidwa pamodzi ndi bambo, Fansidar anamwedwa, kuthamanga kwa magazi, shuga ndi kuchepa kwa magazi zinaonedwa, ndipo mayi anauzidwa kuti mwana akachepetsa kusewera athamangire kuchipatala tsiku lomwelo? Poti FSB imabweretsa mafunso ovuta kwa ogwira ntchito, yesero limakhalapo lolemba MSB pamene zinthu zili pakatikati. Musazolowere zimenezo. Kaundula wonama amabisa vuto limene likanakonzedwa. Dziwaninso kuti khungu lokha si mboni yokwanira. Mayi amene wavutika kunyumba tsiku lathunthu, mwana atha kumwalira pa matenda pomwepo koma n'kubadwa khungu litasupuka, ndipo kutentha thupi kwa mayi kumafulumizitsa kusupukako. Mboni yamphamvu ndi yakuti mtima unamveka kapena sunamveke pamene mayi amafika. Lembani zimenezo ndi nthawi yake.

Khanda likabadwa losapuma koma khungu lili bwino, musaliweruze ndi maso. Lipukuteni, lithandizeni kupuma ndi chikwama cha mpweya m'mphindi yoyamba, chifukwa ena olembedwa FSB anali amoyo, anangosowa wowapumitsa. Ndi mwana woonekeratu kuti khungu lasupuka yekha amene sitimuyesa.

Ndipo pakamwa panu pasatuluke mawu oti mwana wawola, kaya kwa mayi, kwa apongozi kapena pocheza ndi anzanu pakhonde pamene ena akumva. Mawuwo ndi opweteka, komanso si oona. Nsupa ikakhala yosasweka m'chiberekero mulibe tizilombo toolesa, n'chifukwa chake mwana wotere sanunkha. Mukamva fungo loipa ndiye kuti tizilombo talowa, ndipo mayi ayezedwe kutentha thupi n'kuyamba mankhwala mwachangu. Kwa mayi nenani mwachidule kuti mwana anamwalira ali m'mimba masiku kapena maola apitawo, ndipo khungu lake lafewa chifukwa chokhala m'madzi. Muuzeni zimenezi asanamuone, mufunseni ngati akufuna kumuona kapena kumunyamula, ndipo mukulungeni bwino m'chitenje. Amayi ambiri amadziimba mlandu, ena amalozedwa zala kumudzi, ndiye ngati chifukwa chake chapezeka afotokozereni iwo ndi abambo limodzi. Asanatuluke m'chipatala onetsetsani kuti chindoko, shuga, magazi ndi BP zayezedwa, zotsatira zalembedwa m'buku lawo lakuchipatala, ndipo auzidwa kuti mimba yotsatira akayambe sikelo m'miyezi itatu yoyambirira n'kukachirira kuchipatala chimene chili ndi fiyeta.